Kompyuta ya Agogo Anu ndi Kalata ya ku Chipata

Ana inu, taikani kaye mafoniwo pansi. Iwenso Thoko, ndakuona, wangoilowetsa m'chitenje. Sabata yonse ino mwakhala mukundiumiriza kuti chibokosi chotuwa chili kuchipinda kwangacho tichitaye, ati chikungosunga mphemvu. Mphemvuzo zilimodi, sindikukana. Koma khalani pansi ndikuuzeni mmene chinalowera m'nyumba muno.

Ine gogo wanu, amene lero mumandiseka kuti ndimajompha foni ngati nkhuku, ndinali taipisiti pa ofesi ina pa boma pano zaka zoposa makumi awiri. Makina anga anali taipilaita yachitsulo, yolemera moti mesenjala akafuna kuisuntha ankaitana mnzake. Ndikayamba ntchito m'mawa, odutsa panja ankadziwa kuti Nambewe wafika, chifukwa phokoso lake linkamveka mpaka kumsewu. Ukafika kumapeto kwa mzere kabelu kankalira, ngwe! Ndiye dzanja lamanzere n'kukankha chitsulo kuti pepala libwerere poyambira. Tinkalowetsa mapepala anayi nthawi imodzi, pakati pake kaboni, kapepala kakuda kodinda zilembo pa pepala lapansi. Pofika madzulo zala zanga zinkakhala bii, moti Tadala, mayi wanu, ali khanda ankakhala ndi timadontho takuda m'masaya chifukwa cha ine.

Kulakwitsa kunali kowawa. Chilembo chimodzi chikaphonyeka unkafufuta pepala lililonse palokha, onse anayi, ndipo bwana akaunika padzuwa chipsera chinkaoneka ndithu. Choncho tinazolowera kuganiza kaye chala chisanatsike. Inu lero mumalemba kaye, kuganiza pambuyo.

Nthawi ya nkhomaliro tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Pankabwera amayi ena ndi chikondamoyo chokutidwa m'masamba a nthochi, ndi thobwa lozizira lokha popanda filiji. Mtedza wokazinga ankatipimira m'kachitini. Zonunkhira zanu za m'mapepala owalazi sizingafikepo, Mphatso, usandiyang'ane choncho. Koma ndikusochera.

Kuti mumvetse za kompyutayi ndibwerere kaye nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayang'ana uku ndi uku asanatsegule pakamwa. Agogo anu aamuna, a Phiri, anali mphunzitsi wa pulaimale, ndipo anali ndi mng'ono wawo mmodzi yekha, a Yotamu. Alamu angawo anali munthu wanthabwala, pakamwa posatseka. Ankalima fodya ndi mtedza kumudzi ku Mavwere, akusamalira mayi awo, apongozi anga. Tsiku lina pamsika ananena nthabwala yokhudza makhadi a chipani, anthu n'kuseka. Mwa osekawo munali wina amene anakanena.

M'mawa wina bwana wanga anandipatsa pepala lolemba pamanja.

"Mayi Phiri, taipani msanga ili, ndipo lisatuluke m'chipinda muno."

Anali mayina asanu a anthu oti akatengedwe kukafunsidwa. Masiku amenewo munthu akatengedwa kukafunsidwa sunkadziwa ngati abwera mawa kapena patapita zaka. Dzina lachitatu linali la a Yotamu. Bwanayo anali wochokera kutali, sankadziwa kuti ndi alamu anga, poti a Phiri kuno ndi ambirimbiri. Anaima kumbuyo kwanga akudikira. Ndinalitaipa, ana inu. Chilembo ndi chilembo, osalakwitsa ngakhale chimodzi.

Masana amenewo sindinapite pansi pa mango. Ndinavula nsapato n'kuthamanga mpaka kusukulu kwa agogo anu. Iwo anasiyira ana masamu pabolodi, n'kupalasa njinga ulendo wa ku Mavwere. M'mawa mwake a Yotamu anamanga thumba la chimanga panjinga ngati munthu wopita kuchigayo, n'kudzera njira za m'minda mpaka kulowa m'Zambia.

Patapita zaka zitatu apongozi anga anadwala n'kumwalira. Apa ndi pamene tinalakwa. Agogo anu anati tisatumize uthenga, poopa kuti a Yotamu akamva abwera kumaliro n'kugwidwira pamanda pomwepo. Komanso, ndinene zoona, tinkaopa kutaya ntchito. A Yotamu anadzamva patapita miyezi, kuchokera kwa anthu a geni. Anatumiza mawu ochepa chabe: "Mukawauze kuti ku Malawi ndilibe mbale." Kuchokera pamenepo, zii.

Matipate atabwera, anthu amene anathawa anayamba kubwerera, ena ndi akazi a ku Zambia, ena ndi ana osadziwa kwawo. Ife tinkangoyang'ana kumsewu. Inu mukudziwa kuti ku Chipata, kumene tinamva kuti akukhala, ndi pafupi kuposa ku Lilongwe, koma a Yotamu sanabwere, agogo anunso sanapite.

Nyengo yomweyo makompyuta anayamba kulowa m'maofesi. Kwathu anabweretsa awiri, pamodzi ndi atsikana awiri a ku Lilongwe a zikhadabo zopenta. Ine sanandithamangitse ayi, kungoti makalata anasiya kufika patebulo langa. Ndinkangokhala, kupukuta taipilaita, kumwa tiyi, kupukutanso. Mapeto ake ndinapempha ndekha kupuma. Ndinatuluka pakhomo paja nditalumbira kuti chinthu chotchedwa kompyuta sindidzachikhudza mpaka kumanda.

Ndiye taganizani. Zaka za m'ma 2000 zitangoyamba, agogo anu nawonso atapuma, anati akupita ku Lilongwe kukaona za penshoni. Tsiku lachinayi masana ndili pakhonde ndikusankha nyemba, ndinangoona akubwera, fumbi mpaka m'nsidze, atafungata chinthu chokutidwa m'bulangete ngati mwana wodwala. Kumbuyo kwawo bambo wa kabaza akukankha njinga, makatoni awiri ali pakaliyala.

"Bambo a Tadala, n'chiyani chimenecho? Mwagula wailesi ya kanema?"

"Anambewe, tatsegulani kaye chitseko, msana wanga watha. Ndachifungata pamiyendo kuchokera ku Lilongwe. Kondakitala amafuna achiponye kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza, ine ndakana."

Atachotsa bulangete ndinangoti kukamwa yasa. Za penshoni zija zinali zonama. Munthu wina amene anamuphunzitsa kale ankagwira ntchito ku bungwe lina limene linkasintha makompyuta ake, ndiye anawapezera imodzi yakale. Masiku atatu onsewo anakhala akuphunzira kulumikiza ndi kuyatsa, akulemba zonse m'kope la ana asukulu.

Ndinati, "Mwandibweretsera m'nyumba mdani amene anandilanda ntchito?"

Iwo anati, "Ndakubweretserani kuti mumumenye ndi zala zanu zomwe."

Sindinaseke.

Masana onse anakhala chogwada pansi pa tebulo lodyera, magalasi ali pansonga ya mphuno, kope lili pambali, akudziwerengera mokweza: "Chingwe chabuluu pabowo labuluu." Agogo anu anali munthu wokonda kutsegula mawailesi a anthu, ena n'kuchira, ena n'kuferatu. Koma tsiku limenelo atadina batani, chinthucho chinayamba kulira ngati njuchi za m'mphako, galasi n'kuwala. Anatembenuka kundiyang'ana ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anthu oyandikana nawo anadzaza pakhomo. Bambo wina anakhala pampando mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kufunsa kuti mpira uyamba nthawi yanji.

Ine ndinanyanyala. Ndinaiphimba ndi kansalu koluka, pamwamba n'kuikapo botolo la maluwa. Popeza inalanda tebulo, tinkadya mbale zili pamiyendo, ndipo ine ndinkafunsa kuti, "Nanga akazi anu aang'onowo ndiwapakulire?" Iwo ankangomwetulira. Akatha kudya ankachotsa maluwa aja bwinobwino n'kukhala pansi.

Chimene chinandigonjetsa poyamba ndi makutu. Ndili kukhitchini ndinkamva agogo anu akutaipa ndi chala chimodzi. Tho. Kenako zii, akufunafuna chilembo. Tho. Munthu amene wataipa moyo wake wonse sangapirire zimenezo, zili ngati kumva wina akuphonya nyimbo imene iwe umaidziwa bwino. Ndinapirira milungu iwiri. Tsiku lina ndinangotulukira manja ali ndi thovu la sopo.

"Tasunthani apo, mukundipweteketsa mutu."

Anasuntha mwachangu, moti ndinazindikira kuti ndi zimene ankadikira.

Zilembo zinali m'malo ake omwe aja, zala zanga zinazipeza zokha. Koma ndinamenya ndi mphamvu ya pa chitsulo, ndipo chilembo chimodzi chinathamanga mzere wathunthu. Nditafika kumapeto kwa mzere, dzanja lamanzere linanyamuka lokha kukakankha chitsulo chija, n'kupeza kapu ya tiyi ya agogo anu. Kapu inauluka mpaka pachitseko, phwaa! Agogo anu anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Kabelu kali kuti?" ndinafunsa nditakwiya.

"Kulibe. Mzere umatsika wokha."

"Wauuza ndani kuti ndamaliza?"

Kenako anandipatsa kanthu kokhala ndi chingwe kumbuyo. "Tsopano gwirani mbewa iyi. Amaitchula choncho, onani mchira wake."

Ine ndinakula ndi alongo anga okumba mbewa chilimwe chilichonse, ndinkazidziwa zonse ndi mayina ake, koma iyi yopanda ubweya inandizunza. Ndikati kamuvi ka pagalasi kapite kumanja, kankathawira pakona. Ndinkainyamula m'mwamba n'kumaigwedeza. Agogo anu ankati, "Nambewe weniweni kulephera kugwira mbewa? Akamva kwanu achita manyazi." Musaseke kwambiri, inu simunagwirepo ngakhale ya kutchire.

Choopsa chinali magetsi. Tsiku lina amayi a kumpingo anandipempha ndiwalembere ndondomeko ya msonkhano wawo. Ndinataipa m'mawa wonse, masamba asanu okongola. Nditatsala pang'ono kumaliza, magetsi thi! Atayakanso, galasi linali mbee, ngati sindinakhalepo. Ndinawafunsa agogo anu kuti ntchito yanga yapita kuti. Anati, "Munaseva?" Kuseva ndiko kuuza makina kuti asunge zimene walemba. Ndinati taipilaita yanga sinkadikira kuuzidwa, chimene wamenya chinkakhala pa pepala mpaka chiswe chidye. Masiku atatu sindinaiyandikire. Lachinayi ndinapeza amata kapepala pamwamba pa galasi, kolembedwa ndi zilembo zawo zauphunzitsi: SEVANI, ANAMBEWE.

Pang'onopang'ono ndinazolowera. Zala zinaphunzira kufewa. Ndipo ndivomere, batani lofufutira ndinalikonda. Ukalakwitsa umangodina, chilembo n'kusowa, popanda chipsera, popanda wodziwa. Nthawi zina ndinkalakwitsa dala kuti ndingoona chikuchoka.

Dzinja litafika, tsiku lina mvula ikugwa masana, agogo anu anali atapita kumaliro kutsidya kwa msika. Ndinayatsa kompyuta, ndipo pakati pa zinthu zosungidwa ndinaona china chokhala ndi dzina la chilembo chimodzi, Y. Ndinatsegula. Munali mawu akuti, "Wokondedwa mng'ono wanga Yotamu," ndi mizere itatu ya moni. Basi. Ndiye zimene ankajompha ndi chala chimodzi milungu yonse ija.

Atabwera, atanyowa, ndinawapatsa thaulo n'kuwalozera galasi. Anadzipukuta nkhope n'kukhala pansi.

Kenako anati, "Anambewe, kalata imeneyi ndakhala ndikuiyamba pa pepala kuyambira pamene matipate anabwera. Ndikafika pa mayi, ndimalemba mawu olakwika, n'kung'amba pepala lonse. Mawa lake mphamvu yoyambiranso palibe. Munthu uja atandiuza kuti pamakinawa umachotsa mawu olakwika okhawo, ena onse n'kutsala, ndinati mwina ndingafike kumapeto."

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukanalola kuti ilowe m'nyumba?"

Ndinakokera mpando pafupi. "Nenani, ine ndilembe."

Tinailemba milungu iwiri. Iwo ankayendayenda m'chipinda manja ali kumbuyo ngati ali m'kalasi, ine ndikutaipa. Poyamba inali yaitali, masamba anayi, yodzaza ndi zifukwa: nthawi inali yoipa, makalata ankatsegulidwa, ana anali aang'ono. M'mawa uliwonse ndinkawawerengera zimene tinalemba dzulo lake, iwo n'kunena kuti, "Chotsani pamenepo, ndikudziikira kumbuyo." Ndinkachotsa. Kalata inkafupika tsiku ndi tsiku. Mapeto ake panatsala tsamba limodzi. Anafotokoza mmene mayi anadwalira, amene anawasambitsa, nyimbo imene inaimbidwa, ndi mtengo umene uli pafupi ndi manda awo. Kenako mawu awa: "Unayenera kuuzidwa. Ndinaopa, ndipo ndinakulakwira."

Atanena kuti tamaliza, zala zanga sizinachoke. Ndinawonjezera ndime yanga pansi pake. Ndinalemba kuti, "Alamu, ndine Nambewe. Pali chimene simukuchidziwa. Pepala limene linali ndi dzina lanu ndinalitaipa ndine, ndi manja anga."

Agogo anu anawerenga ali chiimire kumbuyo kwanga. Anati, "Izi sakuzidziwa, ine ndinangomuuza kuti ndamva mphekesera. Mukhoza kufufuta."

Ndinati, "Izi zokha zisafufutidwe." Ndipo ndinaseva, osadikira kuuzidwa.

Pulinta, makina osindikizira pa pepala, tinalibe. Ndinaika kalatayo pa disiketi, kambale kapulasitiki konyamulira zolemba kamene inu simunakaonepo, ndinakakulunga m'kampango n'kupita nako pa sitolo ina pa boma. Mtsikana wa pamenepo akusindikiza, ine ndinaima momutchinga kuti asawerenge. Adiresi tinalibenso. Koma Mayi Tembo, mnansi wathu amene ankakaoda zitenje ku Chipata, anati akuwadziwa a Yotamu, ndi kalipentala kuseri kwa msika. Tinawapatsa envelopu.

Atabwerako tinawathamangira asanatule n'komwe katundu.

"Ndawapatsa m'manja," anatero Mayi Tembo. "Ayang'ana dzina kumbuyo, aika m'thumba la malaya osatsegula, n'kupitiriza kupala thabwa."

"Sananene kanthu?"

"Angoti zikomo."

Mvula inatha. Tinadya chimanga chachiwisi, tinadya maungu, tinakolola. Yankho osabwera. Agogo anu anasiya kufunsa, koma minibasi ikaima kumsewu ankasiya chimene akuchita n'kuyang'ana pazenera. Anayamba kuonda. Ine ndinayamba kudzifunsa ngati ndime yanga ija siinawononge zonse.

Mwezi wa Juni, mphepo yozizira ija ya kuno itayamba, ndinali pakhonde ndikusenda mtedza. Kabaza inaima pageti, n'kutsikapo mkulu wina wa imvi, wovala jekete lalikulu, atanyamula kachikwama. Anati odi. Ndinamuyankha ngati mlendo aliyense n'kumupatsa mpando. Anandiyang'ana, kenako pakamwa pake panapindika mwa mtundu wina, ndipo lichero linandipulumuka.

"Alamu, mwakalambatu," anatero.

"Inu ndiye mwatsala mnyamata?" Mawu anatuluka okha, misozi ili kale m'masaya.

Agogo anu anamva lichero likugwa n'kutuluka. Anaima pakhomo atagwira chitseko. A Yotamu anaimirira n'kuvula chipewa. Ine ndinkangomva nkhuku zikulimbirana mtedza umene unamwazika.

Anayamba ndi a Yotamu. "Achimwene, ndabwera kuti mukandionetse pamene munawagoneka mayi."

Agogo anu anasiya chitseko chija. Anangotsika masitepe awiri a pakhomo n'kuwagwira mkono ndi manja onse awiri, ngati akuopa kuti athawanso.

M'mawa mwake tinakwera minibasi, kenako kuyenda wapansi mpaka kumudzi. Titapempha kwa eni mudzi, abale awiriwo analowa kumanda ndi akuluakulu, ine ndinatsala ndi amayi panja. Zimene anakambirana kumeneko sindikuzidziwa, sindinafunsepo. Anatuluka maso ali ofiira, koma akuyenda phewa ndi phewa.

Pobwerera agogo anu anatsogola pang'ono, a Yotamu n'kutsalira dala kuti ayende nane.

"Alamu," anatero, "kalata ija ndinakhala nayo miyezi iwiri ndisanatsegule. Nditatsegula ndinawerenga mawu a achimwene, ndinalira, koma ndinati sindipita. Kenako ndinafika pa ndime yanu. Ndiye zaka zonsezi mwasenza chimenechi?"

Ndinangogwedeza mutu.

"Mukanakana inu, akanalitaipa wina. Ndipo winayo masana akanapita kukadya nkhomaliro yake. Ndiye mphekesera za achimwene zija zinachokera kwa inu. Ine sindinkadziwa kuti amene anandipulumutsa ndi inu."

Ana inu, ndinakhala pansi m'mbali mwa njira, pamunda wa eni ake, n'kulira ngati mwana. Agogo anu anabwerera akuthamanga, poganiza kuti ndalumidwa ndi njoka.

A Yotamu anabwera kuti agone tsiku limodzi, koma anakhala milungu itatu. Nthabwala zija zinabwerera zonse. Ankakhala pambali panga n'kumanditchulira mayina a ana ndi adzukulu awo kuti ndiwalembe, ati makina a ku Malawi awadziwe. Kuyambira pamenepo sipankapita miyezi iwiri osawaona. Amalume anu ndi azakhali anu a ku Chipata amene mumakawachezera pa holide, munayamba kuwadziwa choncho.

Abale awiriwo anakhala akuyenderana zaka zisanu ndi chimodzi. Agogo anu atadwala, uthenga ndinatumiza tsiku lomwelo, ndipo a Yotamu anafika dzuwa lisanalowe. Anawasambitsa, anawadyetsa phala, anakhala nawo mpaka kumapeto. Anthu a kumpingo atanena zokagula bokosi pa boma, iwo anakana. Anatumiza kuti zipangizo zawo zibwere kuchokera ku Chipata, anasankha okha matabwa, n'kukhoma bokosilo paseri pa nyumba pano, pamene mumaanika zovala. Amuna ena ankafuna kuwathandiza, poona kuti ndi okalamba. Iwo anati, "Ayi, zikomo. La mayi sindinakhome. Ili ndisiyireni."